Mnzanu wa mu ligi akakufunsani za kaputeni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa owerenga amene amakhala ku Chiputula, ndipo andilola kuti ndiwayankhe pano popanda kutchula dzina lawo. Iwo amasewera Fantasy Premier League, masewera a pa intaneti amene munthu amasankha osewera enieni a mu ligi ya ku England n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene osewerawo achitira pa bwalo. Ali mu ligi ya anthu 14 ogwira ntchito pamalo amodzi kuno ku Mzuzu, ndipo aliyense anasonkha K10,000 kumayambiriro kwa sizoni kuti wopambana adzatenge. Mnyamata wina amene wayamba kusewera chaka chino wakhala akuwafunsa nzeru Lachisanu lililonse, ndipo iwo akhala akumuthandiza ndi mtima wonse mpaka wafika pa nambala yachiwiri, kumbuyo kwawo kwenikweni. Tsiku lina mnyamatayo anafunsa ngati kunali kwanzeru kupatsa ukaputeni wosewera wina wapakati, popeza mapointi a kaputeni amawerengedwa kawiri. Iwo anali atamva kale kuti kochi wauza atolankhani kuti wosewerayo akumva kupweteka mwendo ndipo n'zokayikitsa kuti ayamba nawo masewero, komabe anayankha kuti, "Mpatseni, ali bwino," chonsecho iwo eni anali atamugulitsa wosewerayo, kumuchotsa m'timu yawo, m'mawa womwewo. Wosewerayo analowa kutatsala mphindi zochepa kuti mpira uthe, anapeza pointi imodzi, ndipo ukaputeni unangobala mapointi awiri. Kalatayo ikutha ndi funso lakuti: "Anzanga ena akuti ndi mmene masewera amakhalira, koma mnyamata uja sakundipatsanso moni ngati kale. Kodi ndinalakwa?"

Achimwene, munalakwa, ndipo ndikukhulupirira kuti mtima wanu unakuuzani kale zimenezi, chifukwa munthu amene sakudziona kulakwa sakhala pansi n'kulemba kalata yaitali chotere. Komabe ndikufuna kuti tione bwino pamene panagona kulakwako, chifukwa anzanu aja akunena zoona pa mbali ina. Simunalakwe pofuna kupambana, ndipo simunalakwe pogulitsa wosewera uja mwakachetechete. Munalakwa pamene munthu anakufunsani chifukwa chokudalirani, inu n'kumuuza chinthu chimene mumadziwa kuti si choona.

Taganizirani mmene masewerawa anapangidwira. Aliyense amapatsidwa ndalama zongoyerekeza zokwana mapaundi 100 miliyoni kuti agule osewera 15, osaposa atatu kuchokera ku timu imodzi, ndipo wosewera mmodzi akhoza kupezeka m'matimu a anthu onse a mu ligi nthawi imodzi. Simungalande mnzanu Erling Haaland, simungagulitsane osewera, ndipo palibe batani limene mungadine kuti mapointi a mnzanu atsike. Njira yokhayo yofikira ku timu ya mnzanu ndi kudzera m'khutu lake. N'chifukwa chake ndimati chilungamo cha masewerawa chili m'malangizo: pa bwalo lenileni pali oyimbira wokhala ndi wezulo, koma pa gulu la WhatsApp palibe amene angakuonetseni khadi, ndipo chotsalira ndi mawu a munthu basi.

Masewera omwewo amakupatsani ufulu wobisa. Kusintha kumene mwapanga sikuoneka kwa anzanu kufikira nthawi yotsekera kusintha timu itadutsa, yomwe imakhala mphindi 90 mpira woyamba wa sabatayo usanayambe. Ndiye kuti kaputeni wanu, wosewera amene mukufuna kugula, ngakhalenso sabata imene mukufuna kugwiritsa ntchito wildcard (mwayi wosintha osewera ambiri osadulidwa mapointi) kapena triple captain (pamene mapointi a kaputeni amawerengedwa katatu), zonsezo ndi zinsinsi zanu, ndipo palibe amene angakukakamizeni kuziulula. Mukanatha kumuuza mnyamata uja kuti, "Achimwene, tsopano tayamba kulimbirana mpando umodzi, sabata ino ndikhala chete." Iye akanaseka, mwinanso akananyadira kuti mphunzitsi wake wayamba kumuopa, ndipo akanapita kukafufuza yekha. Bodza lija linachita zosiyana, chifukwa linamuletsa kufufuza. Mwina akanatsegula pulogalamu ija n'kuona kachizindikiro kachikasu pa dzina la wosewerayo, kaja kosonyeza kuti mwayi wosewera ndi 75 pa 100 iliyonse, koma sanavutike nako chifukwa munthu amene amamukhulupirira anali atamutsimikizira kale.

Ndimakonda kuima pang'ono pamene madala amasewera bawo pakhonde la sitolo ina ku Chibavi. Palibe amene amauza mnzake dzenje limene akufuna kutapamo, ndipo wina amatha kuyang'ana kumanzere kwa nthawi yaitali pamene maganizo ake onse ali kumanja. Zimenezo onse amaziona ngati luso. Koma tsiku lina bambo wina anapezeka atafumbata nkhomo imodzi pamene amatakata, ndipo mnzake sanakweze mawu n'komwe: anangokhuthula nkhomo zake pa bawopo, n'kunyamula chipewa chake, n'kumapita. Oonerera, amene nthawi zonse sachedwa kulowerera ndi malangizo awo, tsiku limenelo anangoti zii. Aliyense anadziwa kuti kubisa maganizo ndi kubisa nkhomo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale kuti zonse zimatchedwa kubisa.

Pa malangizo a fantasy, nkhomo imeneyo ndi nkhani yotsimikizika. Kunena kuti mukuganiza kuti Mohamed Salah agoletsa sabata ino ndi maganizo chabe, ndipo maganizo amaphonya ngakhale kwa wosewera amene anapeza mapointi 344 mu sizoni ya 2024/25, ochuluka kuposa amene wina aliyense anapezapo mu sizoni imodzi. Koma kuti wosewera wavulala, kuti waletsedwa kusewera chifukwa cha makhadi achikasu asanu, kapena kuti wapita kukasewerera dziko lake mu mpikisano wa AFCON, zimenezo si maganizo a munthu. Mukafunsidwa za zoterezi, mutha kunena zoona kapena kukana kuyankha, ndipo njira yachitatu palibe. Ine ndimapitirira pamenepo pang'ono pa nkhani ya anthu ongoyamba kumene. Ngati mnzanga watsopano sakudziwa kuti kusintha osewera mopyola mlingo waulere kumamudula mapointi anayi pa wosewera aliyense, kapena kuti wachiwiri kwa kaputeni amatenga udindo pokhapokha kaputeni akapanda kulowa m'bwalo ngakhale mphindi imodzi, ndimamuuza asanandifunse n'komwe, chifukwa kupambana munthu amene sakudziwa malamulo sikundipatsa chimwemwe chilichonse.

Pali chinanso chimene chimativuta ife kuno, chomwe ndi nthawi. Mpira woyamba wa Loweruka ukamayamba 12:30 ku England, nthawi yotsekera imakhala 11 koloko ya kumeneko, yomwe ndi 12 koloko masana kuno kwathu. Koma mawotchi a ku Britain akabwezedwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Okutobala, nthawi yomweyo imasanduka 1 koloko masana kwa ife, kufikira Lamlungu lomaliza la Malichi pamene imabwereranso. Chaka chilichonse pamakhala wina amene amasokonezeka kumapeto kwa Malichi n'kupeza kuti pakhomo patsekedwa kale. Kukumbutsana nthawi pa gulu sikulanda munthu mwayi wake wopambana, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi ngakhale pamene mnansiyo ali nawe mu ligi imodzi.

Ndisakuweruzeni ngati kuti ine sindinapunthwepo. Loweruka lina kukuwaza kamvula kathu kaja kosatha, ndinali mu shopu yometera ku Katoto pamene uthenga unalowa pa foni wonena kuti wosewera wina wakutsogolo wa timu yaikulu akhala pa benchi. Kunali kutatsala mphindi zosakwana khumi kuti nthawi yotsekera ikwane, bandulo inali pafupi kutha, ndipo ndinautumiza pa gulu lathu mmene unalili, osafunsa kumene wachokera. Anthu atatu anamugulitsa, mmodzi mpaka anadula mapointi anayi, ndipo wosewerayo anayamba mpira n'kugoletsa. Sindinali ndi cholinga chonamiza munthu, koma ndinapereka mphekesera ngati nkhani yotsimikizika, ndipo ululu umene anzangawo anamva sunasiyane ndi umene mnyamata wanu anamva. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamatumiza chinthu ndimanena ngati ndachimva kuchokera pakamwa pa kochi, ngati ndachiwerenga kwa mtolankhani wodalirika, kapena ngati ndi zongomveka.

Nkhani zotuluka mobisa zimenezi zinavutitsapo ngakhale matimu enieni. Mu Febuluwale 2021, anthu otsatira fantasy anaona kuti osewera ena ndi ogwira ntchito ena a Aston Villa achotsa wosewera wawo Jack Grealish m'matimu awo a fantasy mpira wa Leicester City usanachitike, ndipo dziko linadziwa za kuvulala kwake timu isanalengeze. Kochi wa Aston Villa wa nthawiyo, Dean Smith, sanabise kukhumudwa kwake. Nkhani yotere imathamanga pa mafoni kuposa mmene munthu angaitsimikizire, ndipo wolandira amayenera kusankha msanga. Amene akuitumiza ndiye ali ndi udindo wonena mlingo wa kudalirika kwake.

Wofunsa nayenso ali ndi mwambo wake, ndipo mnyamata wanu adzafunika kuuphunzira. Amene wapempha maganizo ndiye amene amadina batani, kotero sayenera kubwera Lolemba m'mawa n'kumaloza chala mnzake chifukwa chakuti kaputeni sanagoletse. Haaland anagoletsa zigoli 36 mu ligi mu sizoni ya 2022/23, komabe panali masabata ambiri amene anatuluka m'bwalo wopanda chigoli, ndipo amene analangiza anzawo kuti ampatse ukaputeni m'masabata amenewo sananame. Si ulemunso kutumiza chithunzi cha timu yonse kutatsala mphindi zisanu n'kulamula kuti wina akukonzereni, kapena kufunsa anthu asanu n'kudzadzudzula mmodzi yekhayo amene maganizo ake anaphonya. Ndipo chizolowezi chopereka foni kwa mnzako wa mu ligi yomweyo kuti akupangire timu n'chofunika kuchisiya pamene pali ndalama, chifukwa munthu mmodzi amakhala akuyendetsa matimu awiri, ndipo ena onse amene anasonkha amakhala akupikisana ndi munthu amene ali ndi mwayi uwiri.

Ndalama ija ndi imene ikukulitsa nkhani yanuyi. K140,000 si yochepa kwa munthu wolandira malipiro a pamwezi, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mtima unagunda mutaona mnyamatayo akuyandikira. Koma ligi ya pa ntchito imayenda ngati chipereganyu, pamene aliyense amaponya ndalama chifukwa akukhulupirira kuti anzakewo ndi anthu oongoka. Sizoni ili ndi masabata 38 okha, pamene mnyamatayo mudzakhala naye mu ofesi imodzi, kukwera naye takisi imodzi ndi kukumana naye pa maliro kwa zaka zambiri. Akafika pokayikira mawu anu pa za mpira, tsiku lina adzawakayikiranso pa za ntchito, ndipo pamenepo mudzakhala mutataya chinthu choposa mphoto ija.

Chimene ndingakulangizeni n'chakuti mumupeze payekha, osati pa gulu, ndipo mumuuze mosazungulira kuti munadziwa za kuvulala kuja ndipo munamuuza zosiyana chifukwa munachita mantha kuti akupitirirani. Musadzitchinjirize ndi mawu akuti zinali nthabwala, chifukwa iye anaona kale timu yanu nthawi yotsekera itadutsa ndipo akudziwa kuti wosewerayo munamugulitsa. Mapointi amene anataya simungawabweze, ndipo sindikuona kuti n'koyenera kuwononga dala timu yanu kuti mulipire, popeza kutero kungakhale kulakwira anthu ena 12 amene akupikisana nanu moona mtima. Mukatero, pemphani woyendetsa ligi kuti gulu lonse ligwirizane poyera kuti nkhani za kuvulala, za makhadi ndi za nthawi yotsekera zizinenedwa moona, ndipo kuti aliyense ali ndi ufulu wokana kuulula kaputeni wake. Ngati mnyamatayo adzabwerenso Lachisanu ndi funso, mumuuze zimene makochi anena, mumuonetse pamene angaziwerenge yekha, ndipo akafunsa za kaputeni wanu mumuuze kuti adzamuona Loweruka masana.