Khirisimasi ya ana aang'ono: yankho la agogo kwa mayi wa ku Lilongwe

Mdzukulu wanga, funso lako landipeza ndili pakhonde ndikusankha mbewu ya nyemba, ndipo ndalisinkhasinkha masiku awiri ndisanakuyankhe. Wanena kuti iwe ndi amuna ako mumakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, muli ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 6 ndi wamng'ono wa zaka 3, ndipo chaka chino mwasemphana maganizo pa za Khirisimasi. Bambo a ana akufuna kuti nonse mupite kwawo ku Ntcheu, pamene iwe ukufuna kuti mukhale m'tauni, ugule kamtengo konyezimira ndi zidole, ndipo anawo ukawajambulitse ndi Father Christmas kusitolo, chifukwa ukuopa kuti kumudzi akasowa chochita, mwina akadwala, komanso ndalama zimene muli nazo sizingakwanire zonse ziwiri. Wafunsa kuti mwambo ukuti chiyani.

Ndisakunamize, palibe mwambo wa makolo akale umene umanena kumene banja liyenera kudyera Khirisimasi, chifukwa tsikuli linabwera ndi amishoni, amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, ku Blantyre mu 1876 ndi ku Mvera mu 1889. Chimene mwambo umanena momveka ndi chakuti mwana adziwe anthu ake a mbali zonse ziwiri. Kwathu kuno kwa Achewa ana amawerengedwa a kuchikazi ndipo amalume awo ndiwo eni mbumba, koma zimenezi sizinapatse mkazi aliyense chilolezo chobisa ana kwa agogo awo a kuchimuna. Ngati wamng'onoyo wafika zaka 3 asanagonepo m'nyumba ya amayi a bambo ake, monga mmene wanenera, ine maganizo anga ndi akuti chaka chino mupite ku Ntcheu, ndipo chaka chamawa amuna ako akuperekeze kwanu popanda kuwiringula. Zimenezi mugwirizane awiri kuchipinda, ana atagona, pakuti mwana amene wamva amayi ake akunyoza kwawo kwa bambo ake amakafika kumudziko ali kale ndi mtima wonyansidwa ndi chilichonse.

Ukuti anawo akasowa chochita. Pamenepa mpamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndalera ana 7 ndipo ndaona chimene chimatsala m'mutu mwa mwana zikondwerero zikatha. Agogo ako aamuna anagwirako ntchito m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodiko, ndipo chaka china anabwera Disembala ali mkati ndi sutikesi yodzaza. Munali bulangete, nsapato, ndi kagalimoto kachitsulo ka mwana wathu woyamba. Mwanayo lero ali ndi imvi, ndipo ndikamufunsa za kagalimotoko amangopukusa mutu, sakakumbukira n'komwe. Chimene amasimba mpaka pano ndi tambala wofiira amene anamuthamangitsa pamodzi ndi asuweni ake m'mawa wa Khirisimasi, kuzungulira nkhokwe katatu, kulowa m'munda wa chimanga chofika m'mawondo, mpaka iye anagwa chafufumimba m'matope atagwira mwendo umodzi wa tambalayo, ndipo bambo ake anamutamanda pamaso pa anthu onse kuti ndiwo ya lero yagwidwa ndi mnyamata uyu. Mwana amasunga tsiku limene anali ndi gawo lake pa zochitika, tsiku limene akuluakulu anamudalira pa kanthu.

Choncho ukafika kumudzi usawakhazike ana ako pampando ngati alendo ochokera kuboma, atavala zoyera ndi foni m'manja. Wa zaka 6 umupatse lichero laling'ono akhale pafupi ndi agogo ake azisankha timiyala ndi mankhusu mumpunga. Achedwa, ataya wina pansi, nkhuku zitola, koma pa nthawi ya chakudya adzauza aliyense kuti mpunga uwu ndasankha ndine. Wa zaka 3 akhoza kunyamula chipande kupita nacho kukhitchini, kapena kugwira beseni pamene mkulu wake akuthira madzi osamba m'manja. Masiku amenewa ndi a mango, a bowa ndi a ngumbi, ndipo mvula ikagwa masana, madzulo ake ana a m'mudzi amathamangira pa chulu kapena pa nyali ndi timabeseni tamadzi. Uwalole ako apite nawo pali wamkulu wowayang'anira. Za bowa zokha ndiye uwaletse kuzula okha, chifukwa wodyedwa ndi wakupha amafanana m'maso mwa mwana, ndipo ntchito imeneyo ndi ya amayi odziwa.

Kamtengo konyezimira sindikukaletsa, koma ndikuuze chimene ife tinkachita, chimene sichifuna ndalama ngakhale tambala imodzi. Nyengo ino dongo ndi lofewa paliponse. Kutatsala masiku awiri kapena atatu, ana aumbe ng'ombe, nkhosa ndi abulu, amange kakhola ka timitengo ndi kukafolera ndi udzu, ndipo atenge chitsononkho achikulunge m'kansanza koyera kuti chikhale khanda logona modyera ziweto. Pamene manja awo ali m'dongo, iwe uziwasimbira nkhani ya pa Luka 2, ya Yosefe ndi Mariya amene anapita ku Betelehemu kukalembetsa nasowa malo m'nyumba ya alendo, ndi ya abusa amene anali kubusa usiku. Kenaka ya pa Mateyu 2, ya anzeru a kum'mawa ndi mphatso zawo. Mwana wa m'tauni amene sanalowepo m'khola samvetsa kuti kubadwira m'khola n'kutani. Ku Ntcheu akaliona khola lenileni m'dzinja, ndi matope ake ndi fungo lake, ndipo nkhaniyo idzamulowa mwa njira imene chithunzi cha pa khadi sichingathe.

Kutchalitchi mupite nawo, kaya ndi mapemphero a m'mawa wa pa 25 kapena Misa ya usiku wa pa 24 ngati banja la amuna ako ndi la Katolika, ngakhale kuti wa zaka 3 Misa ya usiku adzaimvera kumsana ali m'tulo, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Ngati ana a Sande sukulu kapena a Tilitonse akonza sewero la kubadwa kwa Yesu, upemphe aphunzitsi awo kuti wamkuluyo alowe nawo, ngakhale akhale nkhosa yongolira kumbuyo kwa abusa. Umupatsenso aliyense ndalama yake ya chopereka m'manja, akaponye yekha m'mbale.

Tsopano za ulemu, zimene uyenera kuyamba kuwaphunzitsa lero lino, osadikira kuti mufike pa bwalo la apongozi ako. Adziwe kupereka moni m'Chichewa ndi kuyankha kuti ndili bwino kaya inu agogo, adziwe kunyonyomala kapena kugwada polankhula ndi wamkulu, kulandira chinthu ndi manja awiri ndi kunena zikomo, ndiponso kusadutsa pakati pa akuluakulu akamacheza. Ndikudziwa kuti kusukulu zamkaka za m'tauni amawalankhulitsa Chingerezi, ndipo ndi chabwino kuti achidziwe, koma zimandiwawa mtima kuona gogo akuyitana mdzukulu wake, mdzukuluyo n'kutembenukira kwa amayi ake kuti amumasulire. Komabe usamumenye mwana chifukwa cha manyazi. Wa zaka 3 akakana kunyamulidwa ndi azakhali ake amene sanawaonepo, musiye akangamire chitenje chako. Pofika tsiku lachiwiri adzapita yekha. Ndipo apongozi ako akamudzudzula mwana pa kanthu kakang'ono, usakwinye nkhope pamaso pa mwanayo, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji mdzukulu wawo weniweni.

Pa chakudya ndili ndi mawu amene anzanga ena okalamba sagwirizana nawo. Tinakula tikudziwa kuti nthutumba ndi ya bambo kapena mlendo wolemekezeka, ndipo ana amalandira mutu, khosi ndi zipalapasiro. Nthutumbayo ipite kumene imapita, sindikulimbana nayo. Koma pa tsiku limene tikukumbukira kubadwa kwa mwana, si bwino kuti ana adye msuzi wokha pamene mbale ya abambo yadzaza minofu. Uthandize apongozi ako kugawa, mwaulemu, kuti mwana aliyense wa pakhomopo, wako ndi wa alamu ako, apeze nthuli yeniyeni. Ndipo mbale yoyamba isanafike pa mphasa, mutume wamkulu uja, pamodzi ndi msuweni wake, akapereke mpunga ndi ndiwo kwa nkhalamba ina ya pafupi imene ilibe woiphikira. Ana ambiri tsiku limeneli amayendayenda m'makomo ndi m'misewu kupempha Khirisimasi bokosi. Kupempha kwa amalume kapena agogo mosereula kulibe vuto, koma ako asazolowere kutambasulira dzanja munthu aliyense wodutsa. Aphunzire msanga kuti iwonso ali ndi chopereka.

Usamale ndi zimene ana ako adzaonetsa pamaso pa anzawo. Ukamugulira mwana wako chidole chodula, asuweni ake asanu n'kumangochiyang'ana, wabzala nsanje pakati pa abale, ndipo chidolecho chidzathyoka dzuwa lisanalowe. Mpira umodzi umasangalatsa ana khumi. Paketi ya masiwiti ndi botolo la Sobo losungunula mu ndowa yoyera zimafika pakamwa pa aliyense. Zovala zatsopano ndi mwambo umene ana amaudikira chaka chonse, ndipo za pa kaunjika zochapidwa ndi kusitidwa bwino zimakwanira. Ngati ungathe, uwonjezepo malaya awiri kapena atatu a ana a alamu ako.

Za ndalama ndikuuza zimene zinandichitikira ine mwini. Chaka china, pofuna kuti ana anga asaoneke otsalira, ndinatenga ngongole ya katapira kwa munthu wina wa pa msika, ndinagula mbuzi, nsalu ndi zakumwa, ndipo tinadya masiku awiri. Januwale atafika, chimanga chinali chitayamba chikasu chifukwa ndinalibe feteleza wobereketsa, mwini ndalama anali pakhomo mlungu uliwonse, ndipo mwana wanga wamkazi anakhala kunyumba milungu itatu anzake ali kusukulu. Misozi yake ndimaikumbukira kuposa nyama ya mbuzi ija. Masiku ano zinthu zakwera kwambiri, makamaka chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho musanagule chilichonse muyike padera fizi ya teremu yachiwiri, lendi ya Januwale ndi ndalama yobwererera. Zotsalazo ndizo za Khirisimasi. Ukumbukirenso kuti mwezi uno nkhokwe zambiri kumudzi zayamba kuoneka pansi, ndipo inu mukupita ndi pakamwa panayi. Munyamule ufa wanu, mpunga, shuga, mchere, mafuta ophikira ndi sopo, ndipo zimenezi uzipereke m'manja mwa apongozi ako aakazi, iwo ndiwo adziwe kagawidwe kake. Kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere mukhoza kugula pa Lizulu mukudutsa.

Mantha ako a matenda ndi oona, ndipo usachite nawo manyazi. Dzinja ndi nyengo ya udzudzu, choncho unyamule neti yanu ndipo uyimange usiku woyamba womwewo, ngakhale wina aseke kuti a m'tauni ndi amantha. Mwana akatentha thupi mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamuyeze malungo. Madzi akumwa a ana uziwiritsa kapena kuthira klorini, ndipo mango atsukidwe asanadyedwe. Sitinaiwale kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inachititsa kuti sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ana asapite okha kumtsinje kapena kudambo, chifukwa madzi amadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula itagwa kumapiri kokha. Asayandikirenso pamene abambo akumwa, ndipo munthu asayerekeze kumulawitsa mwana mowa ati pofuna kuseketsa anthu; ukaona zotere ulankhule pomwepo, ngakhale wochitayo akhale mlamu wako wamkulu. Ulendo wa pa msewu wa M1 muuyambe m'mawa wa pa 22 kapena pa 23, chifukwa pa 24 maminibasi amadzaza mopyola muyeso, mitengo imakwera, ndipo madalaivala ena amathamanga pofuna kubwereza maulendo.

Madzulo a tsikulo, mbale zikatsukidwa, uzimitse foni yako ndipo upemphe apongozi ako kuti awayimbire ana nthano. Uwaphunzitse ako pasadakhale kuti wokamba akati padangokhala, iwo aziyankha kuti tili tonse, ndipo wina akaponya chirapi cha nyumba yopanda khomo, wamkulu uja adziwe kuti yankho ndi dzira, kuti nayenso awombere m'manja pamodzi ndi anzake. Father Christmas wa kusitolo adzakhalapo chaka chamawa ndi chaka chinacho, ndipo mukabwerera mukhoza kukajambulitsa ngati ndalama yatsala. Chithunzi chimene ndikukupempha kuti usalephere kujambula ndi cha ana ako ali pamiyendo pa agogo awo pa 26, musananyamuke, ndipo ukachitsukitse pa pepala n'kutumiza chimodzi kumudziko.

Pa tsiku lotsanzikana apongozi ako adzatulutsa kanthu, mwina nkhuku yomanga miyendo, mwina kathumba ka mtedza kamene anasungira mbewu, ndipo iwe poona mmene zinthu zilili pakhomopo udzafuna kukana. Usakane. Uyitane wamkulu uja agwade, alandire ndi manja awiri, ndipo nkhukuyo ikhale yake, aziyipatsa madeya yekha mukafika ku Area 25.