Azakhali, kunenepaku si nsima ayi

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona funso lanu pagulupa, loti popeza drip ya matenda anga a minofu inatha chaka chatha, bwanji sindikubwera ku Kasungu kudzathandiza kuphika pa chinkhoswe, komanso kuti pachithunzi chija ndanenepa ndiye kuti ndachira. Zala zimatopa ndikamalemba, ndiye ndingolankhula. Enanu pagulu pano mumvere limodzi, ndisamabwereze.

Kunenepaku si nsima ayi, azakhali. Ndi prednisolone. Amatupitsa nkhope kukhala ngati chitumbuwa, mimba n'kutuluka, koma mutandiona ntchafu mungamve chisoni. Ndipo mankhwala omwewa ukamwa nthawi yaitali amafooketsanso minofu ndi mafupa, shuga amatha kukwera. Adokotala akundichepetsera pang'onopang'ono. Kusiya kamodzin'kamodzi sizitheka, chifukwa thupi limakhala litazolowera kulandira, lasiya kupanga lokha, ndiye munthu ukhoza kugwa.

Eee, matendawa dzina lake ndi dermatomyositis. Asilikali a m'thupi, aja oyenera kumenya tizilombo, anatembenukira minofu yanga yomwe. Mukukumbukira mmene ndinkalepherera kudzuka pampando, kukweza mkono kuti ndipese tsitsi, nsima kumanditsamwa. Zitafika m'mapapo mpamene anandiika pa drip ya cyclophosphamide, kamodzi pamwezi kwa miyezi 6. Ndi mankhwala amene amapatsanso odwala khansa, n'chifukwa chake munamva mawu oti chemo. Amene ankanong'onezana kuti ndikubisa khansa, ayi ndithu, ndilibe. Kungoti amandiyezabe mabere ndi khomo la chiberekero, poti matendawa nthawi zina amayendera limodzi ndi khansa, makamaka zaka zoyambirira.

Ndiye drip ija inathamangitsa anyani m'munda, koma chimanga chimene anagwetsa sichinadzuke tsiku lomwelo. Pali magazi amene amayeza, amati CK, osonyeza ngati minofu ikuonongeka. Nambala yanga inatsika kalekale, papepala ndili bwinobwino. Koma mphamvu zikubwera mwa kachetechete. Ku physio ku chipatala cha Mzuzu Central anandipatsa ntchito: kudzuka pampando osagwira paliponse, kakhumi, kupuma, kubwerezanso. Poyamba ndinkalekera pa katatu, ndikulira. Pano kakhumi ndimakwanitsa, ndipo sabata yatha ndayenda kuchoka kuno ku Katoto mpaka kumsika osakwera sacramento, njinga za kabaza zija. Pobwera ndinakwera, ndisaname, zitunda za Mzuzu sizimvera munthu chisoni. Mawa lake ndinagona tsiku lonse. Ndi mmene zimakhalira, ukachita changu lero, mawa ulipira.

Nsima ya anthu anayi ndimavundula. Koma mphika wa pa chinkhoswe, mthiko wautali uja, dzuwa la Kasungu lili pamutu? Aaa, azakhali, mungandinyamule pa machila. Chidebe cha madzi sindingachifikitse pamutu, mikono imathera pamapewa. Dzuwanso limadzutsa zidzolo zija za m'zikope ndi pa mfundo za zala, moti ngakhale kuno kwa mitambo ndimayenda ndi chipewa ndi malaya a manja aatali.

China ndi khamu la anthu. Panopa ndikumwa azathioprine tsiku lililonse kuti asilikali aja asalusenso, ndiye chitetezo changa n'chotsika dala. Munthu wachifuwa akakhala pafupi nane mu minibasi ndimachita mantha, TB sichedwa kumugwira munthu ngati ine. Thupi likangotentha ndimathamangira kuchipatala tsiku lomwelo, osati kumwa Panado n'kudikira. Nthawi ya drip ija ankandipatsanso Bactrim woteteza chibayo, mayi wina woyandikana naye anaona paketi pa tebulo, nkhani n'kufalikira kuti ndayamba ma ARV. Ndinangoseka. Akanakhala amenewonso ndikanamwa, nanga ndi manyazi?

Za mizu ija mumati munditumizire yowonjezera chitetezo, zikomo kwambiri chifukwa cha mtima wanu, koma musavutike. Vuto langa n'loti chitetezocho chinachita kunyanya. Komanso chiwindi changa amachiyeza pafupipafupi chifukwa cha mapilitsiwa, sindikufuna kuchisenzetsa katundu wina amene adokotala sakumudziwa.

Tsitsi linamera, lofewa ngati la khanda. Madzi ndimamwabe ambiri, ndipo anandiuza kuti ndikadzaona magazi mumkodzo, ngakhale patapita zaka, ndisadzachedwe, chifukwa cyclophosphamide amatha kuvulaza chikhodzodzo. Msambo sunabwerere bwino, mankhwalawa amakhudzanso mazira. Ndiye funso lija loti mng'ono wake wa mwanayu abwera liti, ndikupempha mwaulemu, lisungeni kaye. Limandipweteka kuposa jakisoni, ndipo abambo akunyumba kuno ndi ine tinakambirana kale.

Ndiye za chinkhoswe tichite chonchi. Ndalama ya nkhuku ndi mafuta ophikira nditumiza pa Airtel Money Lachisanu. Achimwene akapeza galimoto yoti ndikhale kutsogolo, ndibwera, ndidzakhala pamthunzi ndi agogo, ntchito yanga idzakhala kusenda anyezi ndi kululutira. Akalephera, mundiimbire pa vidiyo nthawi yofupa. Ndasiya kaye, alamu ya mankhwala ikulira.