Yankho: mwana wofuna kafukufuku wa DNA yopanga mu labu ayambire pati

Achimwene a ku Ulónguè, mwafunsa kuti mwana wanu wofuna kafukufuku wa DNA yopanga mu labu ayambire pati. Mwana wanuyo ayambe ndi Química kapena Biologia, osati udokotala. Digiri yoyamba angaitenge ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, komwe kulinso Centro de Biotecnologia. Masters ndi PhD za nkhaniyi ambiri amakachitira kunja, choncho Chingerezi achigwire msanga pambali pa Chipwitikizi.

Ntchitoyi, yosaka kachingwe ka DNA kogwira puloteni inayake kuti kathandize poyeza matenda, imafuna manja odekha. Pa njira ya SELEX, yomwe inatulukira mu 1990, amasakaniza tizingwe ta DNA tosiyanasiyana mabiliyoni ndi puloteni yomwe akuisaka, mwachitsanzo ya tizilombo ta malungo. Amatsuka tosagwira, togwira n'kutichulukitsa ndi PCR (njira yokopera DNA kambirimbiri), n'kubwereza maulendo 8 mpaka 15. Kachingwe kopambanako, aptamer, ndi komwe amakamata pa kachipangizo koyezera. Mavuto amayamba akachoka pa madzi oyera a mu labu n'kuyesa magazi enieni: m'magazi muli ma enzyme odula DNA, komanso mchere ukasintha, kachingweko kamapindika mwa njira ina n'kusiya kugwira. N'chifukwa chake amasintha shuga amene ndi mbali ya chingwe cha DNA kuti chisadulidwe msanga, ndipo apa wodziwa Química ndiye amapita patsogolo. Kwa ife kuno si nkhani yaing'ono, pakuti DNA imapirira kutentha ngati kwa mu mzinda wa Tete kuposa ma antibody, mapuloteni a chitetezo cha thupi amene amagwiritsidwanso ntchito poyeza matenda.

Asanasankhe masters, akacheze ndi mphunzitsi amene akuchitadi kafukufukuyu, amufunse ngati labuyo ili ndi ndalama zogulira mankhwala a mu labu komanso firiji ya -20°C yodalirika.