X-ray yoyera inandidyera miyezi 14

Asisi, mwati zala zikukuvutani koma X-ray sinaonetse vuto. X-ray yanu yoyerayo isakugonetseni tulo, yanganso inali yoyera chonsecho ndili ndi nyamakazi ya rheumatoid. Ine mu 2021 zala zinkadzuka zouma gwa, manja onse awiri, ola lathunthu zisanapindike. Tsiku limene sindidzaiwala ndi la maliro kwa apongozi ku Katete. Anandipatsa mthiko kuti ndivundule nsima ya anamalira, mphika waukulu uja. Ndagwira ndi manja awiri, zala zikukana kufumbata, mthiko pulumu, m'phulusa, azimayi onse maso pa ine. Wina kumbuyo akuti "za m'tauni izi, ulesi." Ndinakalirira kuseri kwa nkhokwe, anthu kumati ndikulira malemu. Chitenje chitamasuka ndinalephera ngakhale kuchimanga, anandimanga ndi mwana.

Kuchipatala china bambo amene anandiona anangokweza X-ray pawindo, chala changa osachikhudza n'komwe. "Mafupa ali bwino mayi, mumachapa ndi madzi ozizira." Brufen m'manja, kazipitani. Katatu konse! Apongozi nawo kunditengera kwa sing'anga, mphini zili pamkono mpaka lero.

Ku Lusaka ndi kumene dokotala anandipaka jelo pa mfundo za zala n'kuyendetsa sikani, makina ngati a amayi oyembekezera aja. Atayatsa Doppler, yoonetsa mmene magazi akuyendera, mfundo zinaoneka psuu ngati makala. Akuti nyamakazi ya rheumatoid imayamba ndi kutupitsa kachikopa ka m'kati mwa mfundo, pamene X-ray imadzaonetsa fupa litayamba kale kudyeka. Sikani ina yotchedwa MRI imaona mpaka kutupa kwa m'kati mwa fupa, koma mtengo wake, mayo ine. Anayezanso magazi, anti-CCP, RF ndi ESR, n'kundiyambitsa mankhwala a methotrexate, kamodzi pa sabata osati tsiku lililonse, pamodzi ndi folic acid. Zala ziwiri zinali zitakhota kale ndipo siziwongokanso. Bambo wa pawindo uja ndikamukumbukira mtima umandiwawa.

Ndiye limbikirani sikani ndi magazi, musadikire, miyezi itatu yoyamba ndi imene imapulumutsa zala. Khadi la NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la Zambia, musaliiwale. Koma X-ray yanuyo musataye, yanga yakale ndi imene anaiyerekeza ndi yatsopano. Ndipo musakangane ndi adokotala, amadziwa ntchito yawo, ingowauzani kuti akugwireni zalazo. Ngati mukufuna mwana wina nenani asanakulembereni methotrexate, sagwirizana ndi mimba.