Thumba laling'ono lisathamangire kutengera Yale

Mwafunsa ngati thumba laling'ono la ndalama la sukulu yanu lingatsate njira yomwe yunivesite ya Yale ya ku America imayendetsera thumba lake, komanso ngati mugule pulogalamu yodula ya kompyuta yosankhira masheya. Pakadali pano ine ndingati ayi pa zonse ziwiri.

David Swensen atayamba kuyang'anira thumba la Yale mu 1985, anaika ndalama zambiri m'makampani osagulitsidwa pamsika wa masheya, m'nyumba ndi m'nkhalango. Phindu linabwera ndithu, koma ndalama zoterezi zimamangika zaka 10 kapena kuposerapo. Mavuto a zachuma a 2008 atafika, thumba la yunivesite ya Harvard, lomwe linkayenda chimodzimodzi, linatsika ndi pafupifupi 27 peresenti, yunivesiteyo mpaka inakongola ndalama poti katunduyo sakanagulitsika msanga. Inu mumalipirira ophunzira chaka ndi chaka, kodi mungapirire zimenezo?

Za kompyutazo, yambani ndi chida chosonkhanitsa malipoti onse patsamba limodzi, choonetsa zomwe muli nazo, zomwe mungagulitse mwezi usanathe, ndi ndalama zomwe oyendetsa thumba akudula. Ndalama zomwe akudulazi ziyang'anitsitseni kwambiri, chifukwa 1 peresenti pachaka imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chumacho pa zaka 20.