Kodi ndege za mapulopela zatha ntchito pa mabwalo ang'onoang'ono?

Bambo wina wa ku Mzuzu wanditumizira imelo yofotokoza kuti atakwera ndege ya mapulopela kuchokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre, mnzake anamuuza kuti ndege zotere ndi zachikale ndipo zidzalowedwa m'malo ndi majeti ang'onoang'ono. Akufunsa ngati zimenezi zili zoona, komanso ndege zimene mabwalo ngati la kwawo angayembekezere m'tsogolo.

Bambo, mnzanuyo anaweruza poona maonekedwe okha. Injini ya ndege imene munakwerayo ndi ya mtundu umodzi ndi ya jeti ndipo imamwa mafuta a mtundu womwewo, kungoti mphamvu yake imazunguza mapulopela amene amakankha mpweya wambiri pang'onopang'ono, zimene zimasunga mafuta ndege ikamauluka chapansi komanso pa liwiro lapakati. Jeti imayamba kupindulitsa ikafika m'mwamba kwambiri n'kukhalitsa kumeneko. Kuchokera ku Kamuzu International Airport kufika ku Chileka pali makilomita pafupifupi 250, ndipo pa mtunda wotere jeti imati ikangomaliza kukwera, nthawi yotsika yakwana kale. Ngakhale imathamanga makilomita oposa 800 pa ola pamene ndege ya mapulopela ya ATR 72 imathamanga pafupifupi 500, mphindi zimene mungapulumutse n'zochepa kwambiri, koma mafuta owonjezerawo amalowa pa mtengo wa tikiti yanu. Q400, ndege ya mapulopela imene Malawi Airlines imagwiritsa ntchito, imapitirira makilomita 650 pa ola, choncho kusiyanako kumacheperatu. Ulendo wa ku Johannesburg, wa makilomita pafupifupi 1,500, ndiwo umayenerera jeti.

Pali nkhani ya msewu woterapo ndege, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa liwiro. Ndege ya mapulopela imanyamuka ndi kutera pa msewu waufupi, ndipo popeza injini za ATR ndi Q400 zili pa mapiko okhala pamwamba, sizimeza timiyala ndi fumbi mosavuta. Pa bwalo limene ndalama zokonzera phula n'zosowa, zimenezi zimaonetsa ngati kampani ingalolere kubweretsa ndege yake kapena ayi.

Zoona m'mawu a mnzanuyo zilimo ndithu, koma zikuchokera ku America, kumene makampani akuluakulu anasiya ndege za mapulopela chifukwa apaulendo ankadandaula phokoso ndipo maulendo awo ndi ataliatali. Horizon Air inapumitsa Q400 yake yomaliza mu 2023. Chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti majeti ang'onoang'onowo ndiwo akutha msanga. Bombardier inagulitsa ntchito ya ndege za CRJ kwa Mitsubishi mu 2020 ndipo kupanga kunalekeka, Mitsubishi yomweyo inathetsa jeti yake ya SpaceJet mu 2023 isananyamulepo munthu wolipira, ndipo majeti a mipando 50, monga ERJ 145 ya Embraer, sakupangidwanso. Majeti ang'onoang'ono amene makampani monga Airlink ndi Proflight Zambia akuwulutsa m'chigawo chathu chino akukalamba popanda olowa m'malo a kukula komweko, chifukwa majeti atsopano a Embraer ndi aakulu, ofuna anthu ambiri kuti adzaze.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine n'china. De Havilland Canada inaimitsa kupanga Q400, Embraer inaika pambali ganizo lake lopanga ndege yatsopano ya mapulopela, ndipo kampani yaikulu yotsala ndi ATR ya ku Toulouse ku France, yomwe eni ake ndi makampani a Airbus ndi Leonardo. Wogulitsa akatsala yekha pamsika, wogula wosauka alibe pokambirana mtengo. Choipirapo, mu 2024 ATR inasiya ntchito yopanga ATR 42-600S, ndege imene inayenera kumatera pa msewu wa mamita 800 okha, yomwe ikanathandiza kwambiri mabwalo ang'onoang'ono a mu Africa.

Choncho, bambo, pa bwalo ngati la Mzuzu, Karonga kapena Likoma, yembekezerani mapulopela kwa zaka zambiri: tindege ngati Cessna Caravan pamene apaulendo ali ochepa, ndi ATR 42, mtundu umene Air Malawi inali nawo kale, akadzachuluka. ATR 72 yodzaza imafuna msewu wa mamita pafupifupi 1,300, ndipo mukamakambirana ndi aphungu anu za bwalolo, muziwafunsa za kutalika kwa msewu, mpanda, magetsi ounikira usiku ndi galimoto yozimitsa moto.