Achemwali, ampu ya mu ofesi sifuna mawati ambiri

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi ofesi yaing'ono pamwamba pa sitolo ina mu Haile Selassie Road, mumakhalamo anthu atatu, ndipo muli ndi masipika awiri a Pioneer amene anasiya malemu bambo anu, olembedwa 8 ohms kumbuyo. Mukufuna ampu, chipangizo chopatsa masipika mphamvu, yoti nyimbo zizimveka chapansipansi mukamagwira ntchito, ndiye wina ku Limbe wakuonetsani chibokosi cholembedwa 3000W PMPO. Chimenecho chisiyeni komweko. Ndi cha pa chinkhoswe, ndiponso nambalayo ndi yokopera ogula basi, PMPO ilibe muyezo weniweni. Nambala yoyenera kuikhulupirira ndi ya RMS, yosonyeza mphamvu imene ampu imatulutsa mosalekeza.

Anthu ambiri sakhulupirira ndikawauza kuti mu ofesi simudzafika ngakhale wati imodzi. Sipika ya pa shelefu ngati zanuzo, mukaipatsa wati imodzi yokha, imatulutsa mawu apakati pa 86 ndi 88 dB (muyezo wa kukula kwa mawu) mutakhala mita imodzi kuchoka pomwe ili. Anthu akamacheza bwinobwino mawu awo amakhala cha m'ma 60 dB. Ndiye wati imodziyo ndi phokoso loti kasitomala akalowa muzichita kukuwa kuti mumvane, ndipo a ofesi yoyandikana abwera kudzagogoda. Komanso mawati amanyenga: mukawawirikiza kawiri mumangoonjezera 3 dB, kusintha kochepa kwambiri m'khutu. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika mawati ochuluka kakhumi. Choncho ampu ya mawati 10 kapena 20 enieni pa sipika iliyonse ndi yokwana, mpata n'kutsalako.

Chimene ndingakuuzeni kuti mugule ndi timaampu tating'ono ta mtundu wa class D, wosawononga magetsi, tija tokwana m'dzanja. Funsani kokhala ndi chipu (kachipangizo kamkati kokweza mawu) ya TPA3116D2, yopangidwa ndi Texas Instruments. Kodziwika kwambiri ndi Fosi Audio BT20A, komwe kali ndi Bluetooth, malo olowetsera mawaya a RCA, ndi timakono ta besi ndi trebo. Pabokosi amalemba 100W mbali iliyonse, koma musatengeke nazo. Mphamvu yake imadalira magetsi amene mwakapatsa: pa masipika a 8 ohms, 12V imapereka mawati osapitirira 9, chaja ya 19V pafupifupi 20, ndipo 24V cha m'ma 30. Zonsezi n'zoposa zimene mukufuna.

Kanga kali pa desiki kuno ku Ginnery Corner, kumbuyo kwa mafayilo, ndipo chaka chachitatu tsopano ndikukayendetsa ndi chaja yakale ya laputopu ya 19V. Mwezi wa October, pamene m'chipinda muno fani imangozunguza mpweya wotentha, ndikakagwira madzulo kamangokhala kofunda ngati kapu ya tiyi yoiwalika. Class D sitaya magetsi ambiri ngati kutentha, n'chifukwa chake safunika fani kapena chitsulo chachikulu choziziritsira.

Ubwino wina, umene kwa ife kuno ndi waukulu, ndi woti kamadya DC, magetsi onga a batire, ya pakati pa 12V ndi 24V. Magetsi akathima ndimangozula chaja n'kulumikiza kabatire ka 12V 7Ah, kaja ka mu UPS kapena ma alamu. Pa voliyumu ya mu ofesi kamandifikitsa nthawi yoweruka. Ngati muli ndi sola ndi batire la 12V, simufunikanso inveta. Koma samalani mawaya: pulagi yozungulira yolowetsera magetsi mu ampu, pakati pake ndi pa positive. Kaampu kanga koyamba ndinakapsereza ndekha, ndinasemphanitsa mawaya ndili mumdima, kanangoti phu, fungo la pulasitiki lili gu m'chipinda monse. Kuyambira pamenepo waya wofiira ndinamumanga tepi yoyera, ndipo ndinaika kafyuzi pakati.

Mudzaonanso Aiyima A07 ndi Fosi V3. Ndi abwino, ali ndi chipu yaikulu ya TPA3255, koma amafuna 24V kupita m'mwamba mpaka 48V, ndiye nkhani ya batire ija yatha pomwepo, ndipo mawati akewo mulibe nawo ntchito. Kumbali inayi kuli Lepai LP-2020A ya 12V, yotsika mtengo. Zakale zinali ndi chipu ya Tripath TA2020 ndipo zinkaimba bwino ndithu, koma kampani ya Tripath inagwa mu 2007 ndipo zongofanizira zachuluka. Mukaipeza yolembedwa LP-2020TI, imeneyo ili ndi chipu ya Texas Instruments, mutha kuitenga. Timabolodi ta PAM8403 toyendera USB, ta mawati 3, ndi ta ana asukulu ophunzira kuwotcherera mawaya, masipika a bambo musawanyoze nato.

Pali chinthu chimodzi chimene amisiri ena ozolowera ma ampu akale amalakwitsa. Pa timaampu timeneti, mabowo akuda a masipika si ground, ndiye kuti si waya umodzi wogawana monga pa ma ampu akale ambiri. Sipika iliyonse ikhale ndi mawaya ake awiri, akuda awiriwo asakhudzane ndipo asalumikizidwe pamodzi, apo ayi chipu ikhoza kupsa. Waya wake safunika wodula, wamba wamagetsi wa mkuwa wa 1.5mm ndi wokwanira pa mamita awiri kapena atatu.

Vuto limene mungakumane nalo sabata yoyamba ndi kaphokoso ka "ziii" kapena "mmm" mukalumikiza laputopu ndi waya. Musathamangire kubweza ampu. Zulani chaja ya laputopuyo, iziyendera batire lake. Phokoso likasiya, ndiye kuti likuchokera kumeneko. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito Bluetooth, kapena kugula kachipangizo kotchedwa ground loop isolator koika pa waya wa RCA. Nthawi zambiri phokoso lotere limabwera ndi machaja opepuka ngati bisiketi aja, ndiye ngati pali pamene simuyenera kuumira ndi pa chaja. Timaampu timeneti tilibenso wailesi mkati. Mukafuna nkhani za pa Zodiak kapena MBC muzidzera pa foni, ndipo ngati muli ndi kawailesi ka FM musakagundanitse ndi ampu, totchipa tina timasokoneza siginecha.

Mwina wina m'gulu muno anena kuti bwanji osagula ampu yakale ya kaunjika. Ine ndimazikonda, sindikana. NAD 3020, imene inatuluka mu 1978, inali ya mawati 20 okha mbali iliyonse koma mpaka lero anthu amaifunafuna. Kungoti zinthu za zaka zoposa 40 zimenezi ma capacitor ake, tizigawo tamkati tosunga magetsi, amakhala atauma, makono a voliyumu amakhekhereza, ndipo zimatentha. Choopsa kwambiri n'chakuti zina zochokera ku Japan ndi za 100V, za ku America 120V, pamene athu ndi 230V. Mukangoibaya pa soketi osawerenga kumbuyo, mwaiphika. Kwa inu amene mukungofuna kuyatsa m'mawa n'kuiwala, kabokosi katsopano kakupatsani mtendere.

Pogula, ngati mwakapeza m'tauni muno kapena ku Limbe, nyamulani sipika imodzi ndi foni yanu mukayesere pomwepo. Imitsani nyimbo, kwezani voliyumu mpaka pakati, ikani khutu pa sipika: kaphokoso ka "sss" kakhale kovuta kumva. Kenako tsitsani voliyumu pansi penipeni mumve ngati mbali zonse ziwiri zikulira mofanana, chifukwa inu muzikhalira pansi pomwepo. Mukatumiza munthu wa basi ya ku Joni, muuzeni abwere ndi chaja yake yomwe, ndipo dziwani kuti pulagi ya ku South Africa ndi ya mano atatu ozungulira, siilowa m'masoketi athu, mudzangosintha chingwe chake. Nyengo ya mvula, muzizula pa khoma poweruka chifukwa cha ziphaliwali.

Musanatulutse ndalama iliyonse, chotsani kansalu kakutsogolo kwa masipikawo muone mkombero wofewa wozungulira sipika yaikulu. Ngati ndi wa siponji ndipo akhala zaka m'kabati, ukhoza kukhala utafumbutuka, mukaukhudza ndi chala umangoyoyoka. Umasinthika, koma muyambe mwakonza umenewo. Jambulani kutsogolo ndi kumbuyo komwe kuli chizindikiro mutumize muno tione.